Ogulitsa nyumba zakale azitiuza zaka zimene zatsala pa lizi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya nyumba zakale zimene zikugulitsidwa m'matauni mwathumu, zija za ku Area 18, Area 15, Nkolokosa, Kanjedza, Chitawira ndi malo ena otero. Masiku ano mukangotsegula Facebook kapena magulupu a pa WhatsApp mupeza ma agent alemba kuti nyumba ya zipinda zitatu, mpanda ulipo, madzi ndi magetsi zilipo, title deed ilipo, kenako mtengo basi. Koma palibe olo mmodzi amene amalemba kuti lizi yake, pangano lija lobwereka malo kwa zaka zowerengeka, inayamba chaka chanji ndipo yatsala ndi zaka zingati, chonsecho nkhani yonse yagona pamenepo.

Anthu ambiri timaganiza kuti ukagula nyumba ya lizi ya zaka 99 ndiye kuti iweyo ukuyamba kuwerenga 99 yako kuchokera tsiku limene walipira. Ayi ndithu. Zaka zija zinayamba kutha kalekale pamene mwini woyamba anapatsidwa malowo, iwe ukungolowa m'malo mwake n'kupitiriza zotsalazo. Likulu la dziko lino linasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo nyumba zambiri za m'ma Area akalewa zinamangidwa m'zaka zimenezo. Ndiye ngati lizi inalembedwa mu 1975 imeneyo ikutha mu 2074, kutanthauza kuti zatsala zosakwana 50. Kwa ife akuluakulu zikuoneka ngati n'kutali eti, koma mwana amene ali ku pulayimale lero adzakhala alipo, ndipo ndi iyeyo amene timati tikumugulira nyumbayo. Mwina wina apeza kuti lizi ya nyumba yake inalembedwa mochedwerapo, nthawi imene a Malawi Housing Corporation (MHC) ankagulitsa nyumba kwa amene ankachita lendi, ndiye zaka zake zikadalipo zambiri, zimenezo ndi zabwino, koma udziwa bwanji ngati sunaone pepalalo ndi maso ako?

Sindikunena kuti nyumba zimenezi anthu asagule ayi. Zambiri mwa izo zinamangidwa molimba, mapoloti ake ndi aakulu, zili pafupi ndi tauni, misewu ndi mapaipi a madzi zinafika kale, si zofanana ndi kukagula malo kumene ngakhale njinga yamoto imavutika kufika nthawi ya dzinja. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti nyumba ya zaka zotsala zochepa ikugulitsidwa mtengo umodzimodzi ndi ina yoyandikana nayo ya lizi yatsopano, ndipo wogula amene watenga ndalama zake zonse za penshoni kapena watumiza kuchokera ku Joni atavutikira zaka zambiri, sauzidwa kanthu. Tsiku limene adzafune ngongole ku banki n'kupereka nyumbayo ngati chikole m'pamene adzamve kuti a banki amayang'ananso zaka zotsalazo.

Ndiye pali za ground rent. Malo a lizi amakhala ndi mwini wake, kaya ndi boma kudzera ku Unduna wa za Malo, kaya ndi MHC, kaya khonsolo ya mzinda, ndipo chaka chilichonse pamayenera kulipidwa kangachepe. Nyumba zambiri zakalezi eni ake anamwalira, ana anangotsala akutolera lendi osalipira ground rent kapena ma city rate kwa zaka, ngongole n'kumangounjikana. Mwini malo uja salola kuti dzina lisinthidwe ngongoleyo isanathe, ndiye wogula amene walipira kale ndalama zonse amapezeka akulipiranso ngongole ya anthu ena chifukwa wogulitsa uja foni anazimitsa. Pomweponso, nyumba ya malemu sagulitsa mwana mmodzi chifukwa choti ndi woyamba kubadwa kapena ndi amene akusunga makiyi, pamafunika chikalata cha ku khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Mabanja ambiri akukokanakokana m'makhoti chifukwa cha zimenezi, wogula ali pakati ndalama zitapita.

Pempho langa kwa amene akufuna kugula, musapereke olo dipoziti musanapite nokha ku ofesi ya za malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu kukafufuza kuti nyumbayo ili m'dzina la ndani, ilibe ngongole ya banki, ndipo lizi ikutha liti. Fotokope imene agent wakutumizirani pa foni si umboni. Werenganinso zimene lizi ikulola, chifukwa ambiri akugula nyumba zogona n'kuzisandutsa maofesi, masukulu kapena malo ogona alendo popanda chilolezo chosinthira ntchito ya malowo, kumeneko n'kuphwanya pangano. Ndalama ya loya imaoneka yambiri koma poyerekeza ndi mtengo wa nyumba ndi yochepa kwambiri.

A Unduna wa za Malo nawonso atithandize. Atuluke pa wailesi afotokoze m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momveka bwino kuti munthu amene lizi yake yatsala pang'ono ayambire pati kupempha kuti iwonjezeredwe, alipira zingati, ndipo ayambe kutatsala zaka zingati. Komanso pakhale lamulo loti aliyense wotsatsa nyumba ya lizi, kaya pa nyuzipepala kaya pa intaneti, azilemba chaka chimene lizi ikutha pambali pa mtengo.

Ndine wowerenga wanu,
wa ku Area 25, Lilongwe