Lipoti la msonkhano wa makomiti a sukulu pa nkhani ya ana osiya sukulu

Mayi wapampando, a Gulupu ndi mafumu onse, a hedi, amayi anzanga a m'gulu lathu ndi makolo nonse,

Munandituma ku msonkhano wa makomiti a sukulu za m'zoni yathu umene unachitikira ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni, sabata yatha, ndiye ndabwera kudzakutulirani zimene ndinamva. Ndalemba kuti amene simudzatha kufika pa bwalo muwerenge pa foni. Kunali magulu a amayi, makomiti oyendetsa sukulu, a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), mafumu angapo a muno m'Dedza, komanso ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 2 amene anaitanidwa kuti adzilankhulire okha. Tinayamba mochedwa chifukwa cha mvula.

Nkhani yoyamba inali yokoma m'khutu. Sukulu iliyonse inabwera ndi kaundula wake, ndipo pafupifupi onse ananena chimodzimodzi: atsikana osiya sukulu chifukwa cha ukwati kapena mimba achepa poyerekeza ndi kale. A PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni yathu, anawonjezera ziwerengero za dziko lonse. Kafukufuku wa 2010 anapeza kuti theka la amayi a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Wa 2015 ndi 2016 anapeza 42 pa 100 aliwonse, wa 2019 ndi 2020 anapeza 38. Anthu anaomba m'manja, ine ndinaomba nawo, ngakhale mumtima ndinkati 38 si chiwerengero chovinira.

Atafunsa chimene chathandiza, aliyense anakokera kwake. Mafumu anatchula malamulo: la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kumene kunatseka mpata woti mwana wa zaka 15 akwatiwe makolo akavomereza. Anakumbukiranso malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Mtakataka, amene ankathetsa maukwati a ana, kubwezera anawo ku sukulu, ndi kuimitsa paudindo nyakwawa zolekerera. Aphunzitsi anatchula phala, ndipo sananame, tonse timaona mmene makalasi aang'ono amadzazira tsiku limene mphika uli pa moto. Ife amayi tinatchula zathu, monga kusoka mapadi, zipinda zosinthira, ndi kuyenda khomo ndi khomo kukatenga mtsikana amene wabereka. Chilolezo choti wobereka abwerere ku sukulu chilipo kuyambira 1993, koma kwa zaka zambiri chinkangokhala papepala chifukwa panalibe wokagogoda pakhomo pa mwanayo.

Panali bambo wina wa za chisamaliro cha anthu amene anafotokoza za kafukufuku wa ku Zomba wa mu 2008 ndi 2009, ndipo ndikufuna mumve bwino chifukwa akukhudza mkangano umene timakhala nawo pa ndalama za Mtukula Pakhomo. Atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankapatsidwa kandalama mwezi ndi mwezi. Ena ankalandira pokhapokha ngati akupita ku sukulu, ena ankangolandira popanda lamulo lililonse. Amene anali ndi lamulo aja ndiwo anakhalitsa kwambiri pa sukulu. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati, anapulumuka kwambiri ndi aja ongolandira, chifukwa mtsikana akasiya sukulu ndalama inkapitirira kubwera, ndiye sankathamangira mwamuna kuti apeze sopo. Ine ndinatolapo phunziro loti mwana amene watuluka kale tisamamutaye ngati watha ntchito.

Anatikumbutsanso za 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19 n'kudzayamba kutsegulidwa mu Seputembala. M'miyezi imeneyo boma linawerenga atsikana pafupifupi 40,000 otenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Nonse mukukumbukira mmene mabenchi a Sitandade 7 anakhalira opanda anthu chaka chimenecho.

Tsono chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi ichi. Itakwana nthawi ya ana, mnyamata wina wa Fomu 2 anaima, manja kumbuyo, n'kunena mwaulemu kuti kaundula amene tikumuombera m'manjayo sadziwa zonse. Anati anzake ambiri masiku ano sasiya sukulu ayi. Dzina limakhalabe m'buku, amabwera Lolemba ndi Lachiwiri, tsiku la msika kulibe, nyengo yokumba mbatatesi kulibe, kenaka amadzatulukira sabata ya mayeso. Aphunzitsi sangamulembe kuti wasiya chifukwa sanasiye. Makolo sangadandaule chifukwa m'mawa amamuona atavala yunifolomu. Koma mwanayo akafika pa mayeso a PSLCE, omaliza a Sitandade 8, amakhala ataphunzira theka la zimene anzake aphunzira, amalephera, amabwereza, mpaka ndevu zimayamba ali m'Sitandade 8, ndipo manyazi amamaliza ntchito.

M'holo munangoti zii. Kenaka a hedi a sukulu ina anavomera kuti n'zoona, n'kuwonjeza kuti ambiri mwa ojombajombawa ndi anyamata.

Kodi amapita kuti? Anawo anatiuza osabisa. Kale mnyamata ankasowa chifukwa wapita koweta ng'ombe kapena kudambwe, ndipo aliyense ankadziwa kumene ali. Lero ali pa siteji ya kabaza, wabwereka njinga yamoto ya achimwene ake kuti ayendetse maola awiri. Ali ku vidiyo sho kuonera mpira wa ku England. Ali pa ganyu kutsidya kwa malire ku Mozambique. Ndipo ndalama imene akufunayo si ya chakudya nthawi zonse, akufuna foni, akufuna bandulo, akufuna kubetcha. Nkhani yobetchayi inandiwawa. Malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma anawo anati amangogwiritsa ntchito nambala ya munthu wamkulu, n'kugawana naye zikapambana. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa, inde, koma unangosintha chovala, pano uli m'timabotolo tolowa m'thumba la kabudula wa sukulu.

Atsikana nawo ananena zawo. Anati ambiri safunanso kukwatiwa msanga, amaona anamwino ndi apolisi achikazi, amafuna zomwezo. Koma mwamuna amene kale ankabwera pakhomo kudzera kwa ankhoswe tsopano amalowera pa WhatsApp ndi pa Facebook usiku, makolo ali mtulo. Amayamba ndi kutumiza mayunitsi. Amene akuvutika kwambiri ndi a ku CDSS, sekondale zoyendera, ochita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, okhala okha, odziphikira okha, ufa ukatha alibe wouza.

Apa panabuka mkangano wa foni umene unatidyera ola lathunthu. Mfumu ina inati malamulo a m'mudzi aletse mwana wa sukulu kukhala ndi foni, wopezeka nayo makolo ake alipire nkhuku. Aphunzitsi achinyamata anakana, ati ana a sekondale amalandira manotsi ndi mapepala a mayeso akale pa foni pomwepo, ndipo kumene mabuku ndi ochepa foniyo ndiye laibulale. Munandituma kukamva, osati kukagamula, koma atandifunsa maganizo ndinanena kuti chindapusa cha nkhuku chinagwira ntchito pa maukwati chifukwa ukwati umachitika poyera, pali ankhoswe, pali mowa, mudzi wonse umadziwa. Foni imabisika pansi pa mphasa. Tikaika lamulo limene sitingathe kulilondola tidzangophunzitsa ana kutinamiza. Ena sanakondwe nane, makamaka mfumu ija, ndipo nkhaniyi inatha osagwirizana. Yabwerera kwa ife kuti mudzi uliwonse ukambirane.

Ndivomereze cholakwa chathu ngati gulu la amayi. Kuyambira pamene tinayamba ntchito, maso athu akhala pa atsikana okha, ndipo tinali ndi chifukwa. Koma ndikamawerenga pamtima anyamata a m'mudzi mwathu amene ndimawaona pa siteji nthawi ya sukulu, palibe ndi mmodzi yemwe amene tinapita kukacheza ndi makolo ake. Mwana wa mchemwali wanga ali m'gulu lomwelo, ndipo ine ndimamupatsa moni n'kumukwera njinga yake.

Zimene tinagwirizana kuti sukulu iliyonse ichite n'zochepa. Aphunzitsi a Sitandade 5 mpaka 8 azipereka kwa ife Lachisanu lililonse mayina a ana amene ajomba masiku atatu kapena kuposa, tisamadikire kutha kwa teremu. Mayinawo akhale a anyamata ndi atsikana omwe. Pokayendera makomo a anyamata tizitenga abambo awiri a m'komiti, poti mnyamata wa zaka 16 samasuka kwa ife amayi. A Gulupu apemphedwa kuti aitane eni mavidiyo sho ndi apampando a kabaza, awauze kuti wovala yunifolomu asalowe kapena kupatsidwa njinga sukulu isanaweruke. Za atsikana ochita lendi, anati tikawerenge kaye kuti ochokera m'midzi yathu alipo angati ndipo akukhala m'nyumba za yani, tikapereke pa msonkhano wa teremu yamawa.

Pa Lachisanu likubwerali ndipempha a hedi abwere ndi kaundula wa Sitandade 6 ndi 7, tiyambire pamenepo. Mayi wapampando, mutisankhire abambo awiri aja tisanabalalike tsiku limenelo. Ndalama ya thiransipoti imene munandipatsa inatsalako chifukwa pobwerera ndinakwera nawo galimoto ya a zaumoyo, ndipo yotsalayo ndapereka kale kwa msungichuma.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu la amayi