Kalata yochokera ku Dublin: ngongole yomwe zipani za Mpingo sizinamalize

Wokondedwa Nabanda,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ndi ana omwe. Kuno kuzizira kwayamba, koma tikulimba.

Unandifunsa kuti bwanji anthu akuno ku Ireland akuthawa tchalitchi chonsecho ansembe ena amene anatumikira kwathu, monga a Kiltegan ku Mzuzu, kwawo n'konkuno. Zifukwa n'zambiri, koma pali chimodzi chimene chikundisowetsa mtendere.

Kwa zaka zambiri boma la Ireland linkatumiza ana amasiye ndi a m'mabanja osauka kusukulu zogonera komweko zoyendetsedwa ndi masisitere ndi mabulazala: Artane ndi Letterfrack za a Christian Brothers, Goldenbridge ya a Sisters of Mercy, ndi zina. Anawo ankamenyedwa, kugona ndi njala, kugwiritsidwa ntchito yakalavulagaga, ena kugwiriridwa kumene. Mu 1999 nduna yaikulu Bertie Ahern anapepesa m'malo mwa boma, ndipo mu 2009 lipoti la bungwe lofufuza nkhanzazi, lotchedwa lipoti la Ryan, linaulula zonse poyera.

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena aamuna amene anakulira kusukulu yotere. Tikawapatsa tiyi amatenga buledi mmodzi n'kubisa m'thumba la jekete. Usiku salola kuti titseke chitseko. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandiuza kuti kusukuluko ankaitanidwa ndi nambala, osati dzina. Mpaka lero nambalayo amaikumbukira. Manja anga ananjenjemera, ndinayamba ndaika kaye lumo pansi.

Tsono tamva za chipukuta misozi. Mu 2002 zipani 18 za Mpingo zimene zinkayendetsa sukuluzo zinagwirizana ndi boma kuti zipereke €128 miliyoni, zina ndalama zina malo ndi nyumba, ndipo boma linalonjeza kusenza milandu yonse imene ingabwere. Lipoti la Ryan litatuluka, anthu atakwiya, zipanizo zinalonjezanso pafupifupi €350 miliyoni. Koma ntchito yonse inadya pafupifupi €1.5 biliyoni, ndipo wowerengera chuma cha boma anapeza kuti pofika kumapeto kwa 2015 zipani zinali zitapereka 13 peresenti yokha ya ndalama zonsezo. Zotsalazo zinachokera kumisonkho, kutanthauza kuti ozunzidwa omwewo anasonkha nawo ndalama zodzipepesera okha. Komanso lamulo la 2002 lokhudza chipukuta misozicho linawaletsa kuulula poyera zimene zinakambidwa pa pempho lawo la chipepeso. Munthu wakhala chete kuyambira ali mwana, kenako umuuzenso kuti tseka pakamwa!

Pandalama zolonjezedwazo, €110 miliyoni zinapita kubungwe la Caranua lothandiza ozunzidwa pa zachipatala, maphunziro ndi kukonza nyumba. Ena zinawathandizadi, koma thumbalo linatha, bungwelo n'kutsekedwa, anthu ake akadali moyo ndipo akukalamba.

Za amayi ndiye zimandiliza. Amene ankatsekeredwa m'nyumba zochapira zovala za Magdalene, kugwira ntchito osalandira kanthu, anapepesedwa ndi nduna yaikulu Enda Kenny mu 2013, koma zipani zinayi zimene zinkayendetsa nyumbazo zinakana kusonkhako. Ku Tuam, mayi Catherine Corless anafufuza n'kupeza mayina a ana 796 amene anamwalira panyumba ya masisitere a Bon Secours yosungirako amayi osakwatiwa ndi ana awo, popanda cholembedwa chosonyeza kumene anaikidwa. Boma litapempha mabungwe asanu ndi atatu a zachipembedzo kuti athandize kulipira amayi ndi ana a m'nyumba zoterezi, yankho la mu 2025 linali lakuti a Bon Secours analonjeza kupereka pafupifupi €13 miliyoni, chipani china nyumba, china kamphatso kochepa, asanu osapereka kalikonse.

Usandimve molakwa, mnzanga. Ine ndi iwe tinaphunzitsidwa ndi masisitere abwino, ndipo ku Misa sindinasiye. Koma masisitere omwewo ndi amene anatiphunzitsa pa katekisimu kuti wakuba akalapa ayenera kubweza chimene anaba. Ana aja anaberedwa ubwana, mayina, ena makolo awo. Zimenezo sizibwezeka, n'chifukwa chake ndalama zikanayenera kuperekedwa msanga, mokwanira, popanda kutsutsana mitengo ngati pamsika. Zipani zina zimati boma ndi limene linkatumiza anawo komanso silinkayendera sukuluzo. N'zoona, boma lili ndi mlandu wake ndipo lalipira. Koma amene ankagwira lamba anali atavala mkanjo.

Iwe uli m'komiti ya sukulu ya parishi. Ndakupempha, mwana akabwera kudzadandaula za munthu wamkulu, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi bambo mfumu, mumumvere tsiku lomwelo ndipo mulembe.

Upereke moni kwa amayi ndi kwa alamu anga. Undiuze ngati mvula yayamba.

Ndine mnzako,
Naphiri