Chitchaina chiphunzitsidwe mozama m'mayunivesite athu

Akonzi,

Chikhazikitsireni ubale wathu ndi China mu 2007, Atchaina atimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa komanso yunivesite ya MUST ku Thyolo. Chondidetsa nkhawa nchakuti dziko lopanda omasulira akeake limamvera mapangano otere m'kamwa mwa mnzake.

Confucius Institute ya ku University of Malawi, yomwe imaphunzitsa Chitchaina, ndi chiyambi chabwino, komabe chilankhulochi nchosafunika kuchiphunzira mothamanga, pakuti mawu ake amasintha tanthauzo malinga ndi kakwezedwe ka liwu, ndipo kuti munthu awerenge nyuzipepala ayenera kudziwa zilembo pafupifupi 3,000.

Choncho ndikupempha mayunivesite aboma kuti alimbikitse digiri yathunthu ya zaka zinayi, yophatikiza Chitchaina ndi zamalamulo kapena zauinjiniya.

Ndine wowerenga wanu,
Zomba.