Timabuku ta mizukwa yoseketsa tabweretsa mkangano pakhomo panga

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri. Kwathu ndi ku Mulanje koma tikukhala ku Leeds, m'dziko la England. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 6, ali mu Year 2, wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 4.

Mnyamatayu kuwerenga kunkamuvuta kwambiri. Mu Juni, pamene ana a Year 1 kuno amayesedwa maliwu a zilembo, iye sanakhoze, ndipo madzulo aliwonse ndikangoti tenga buku, misozi inali mbwembwembwe. Zinthu zinasintha mu Okutobala, mwezi umene kuno amakonzekera Halloween ya pa 31, tsiku limene ana amavala ngati mizukwa ndi mfiti n'kumapempha maswiti. Anayamba kubwera ndi timabuku ta ku laibulale ya kusukulu: mafupa a anthu akuvina, mzukwa woopa mdima, mfiti ya chipewa chosongoka yomwe ikakwera tsache imangogwera m'dziwe. Zilembo zake zikuluzikulu, patsamba ziganizo ziwiri basi. Pano amawerenga yekha, chala chili pamzere, n'kumaseka mpaka kugubuduka pamphasa.

Apongozi anga, omwe anabwera kudzationa kuchokera ku Dedza, anatsegula kamodzi ka timabukuti. Atangoona mfitiyo anatseka n'kunena kuti, "Apongozi, izi sasewera nazo. Mukumuzoloweza chiyani mwanayu?" Chichokereni tsiku limenelo, akamuona akuwerenga amadzuka n'kukakhala kuchipinda.

Bambo a kunyumba akuti palibe nkhani. Akuti ifenso tinakula ndi nthano za zimphona ndi afisi odya ana, tinkayankha "tili tonse" uku tsitsi likunyerenyesa, ndipo iwowo ankathamangitsidwa ndi zilombo za gule koma anakula bwinobwino. Aphunzitsi a mwanayu nawonso anandiuza kuti mwana akamaseka chinthu choopsa mantha amachepa, komanso kuti pomaliza pa timabukuti mzukwawo umasanduka bwenzi. Pamenepo sindikutsutsa. Koma nthano ija tinkamvera tili pamiyendo pa agogo, ndipo iwo ankaona nkhope zathu, akaona kuti wina wanjenjemera ankafewetsa nkhani. Buku silidziwa kuti amene akusuzumira chithunzi ndi wa zaka zingati.

Wamng'onoyu ndiye wavutika. Chibwezereni mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira chaka chilichonse kumapeto kwa Okutobala, kuno kumada 5 koloko isanakwane, ndipo iye akukana kukwera masitepe yekha kupita kuchimbudzi. Mlongo wake amafunda nsalu yoyera n'kubisala kuseri kwa chitseko, akangodutsa amakuwa kuti "huuu!" Kwa iye ndi masewera, mnzakeyo amakagona pakati pa ine ndi bambo ake.

Koma chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi mawu oti mfiti. Kwa azungu kuno mfiti ndi chovala cha m'sitolo, amagula pamodzi ndi maswiti. Kwathu si choncho. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa pongoganiziridwa. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe timamva za agogo owotcheredwa nyumba, nthawi zina chifukwa cha mawu a mwana wamng'ono. Mu Disembala tikupita kumudzi. Ndikuopa kuti mwana wanga adzaona gogo wina akusesa pabwalo n'kuloza akuseka kuti "mfiti iyo!" Ndidzaika kuti nkhope yanga? Nanga gogoyo ndidzamusiya ndi chiyani ife titakwera ndege?

Azakhali, ndithandizeni maganizo. Ndimulande timabukuti, pomwe ndi tokhato tamutsegula pakamwa? Kapena ndisankhe, ndisiye ta mafupa ovina ndichotse ta mfiti? Kodi mwana wa zaka 6 ndingamufotokozere bwanji kuti chimene chikumuseketsa ku Leeds chitha kuphetsa munthu ku Mulanje, popanda kumulowetsa mantha amene panopa alibe? Wamng'onoyu nditani naye kuti abwerere pabedi pake? Ndipo apongozi ndiwayankhe bwanji mwaulemu, poti atsala ndi ife mpaka tsiku lonyamuka?

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Leeds