Sutikesi yanga ili ku Nyumba ya Malamulo

Chitakale, Mulanje

Achimwene,

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri, koma nsapato mwatchulamozo sindinazione. Kaya zikubwera zokha wapansi kuchokera ku Joniko.

Kuno tilipo, kupatula bondo langali, chiperoni chikangotsika m'phirimu limakhala ngati la munthu wina. Nkhani ndi ya mwana wanu Tadala. Anamulemba ntchito ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, m'gulu la olemba Hansard, buku lija losunga zonse zomwe aphungu amalankhula. Ine ndinkati munthu wa digiri angofikira pampando. Ayi ndithu, mpaka lero akuphunzitsidwabe: kumvetsera mawu ojambulidwa, kuchotsa chibwibwi cha munthu koma osamusinthira mfundo, kuloweza ma Standing Orders, malamulo oyendetsera zokambirana m'nyumbamo, kudziwa kuti bilu imawerengedwa katatu isanapite kwa Pulezidenti. Atabwera pa Isitala anandidula pakamwa tikudya, ati "point of order", ngati phungu m'Nyumba ya Malamulo. M'nyumba mwanga, nsima yanga!

Ndiye pobwerera anabwereka sutikesi yanga, ati pali maphunziro ena. Yofiirira ija tinagula limodzi ku Limbe ndikupita ku Domasi. Miyezi itatu tsopano. Ndikafunsa pafoni amati, "Adadi, maphunziro sanathe." Nanga akuphunzirayo ndi sutikesi? Zipi yake imafuna ulemu, umayamba waipaka kandulo, ndipo ndikudziwa kuti akungoikoka ngati mbuzi. Usiku ndimagona ndikuiona ili pamwamba pa katundu m'basi, mvula ikuikhuthukira. Mlamu wanu akuti ndayamba misala. Iyeyo anagonekedwa m'chipatala masiku anayi ndi BP, watuluka, ali bwino.

Komatu zomwe amandiuza mwanayu zimandiganizitsa. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mipando ya aphungu inakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229, ndipo nkhope zatsopano ndi zambiri. Kuti ukhale phungu, malamulo a dziko safunsa satifiketi: ukhale Mmalawi wa zaka 21, wolembetsa m'kaundula wa voti, wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, basi. Zotsalazo amakaphunzira konko, kafunsidwe ka funso kwa nduna, kawerengedwe ka bajeti, ntchito ya komiti ngati PAC, yoona za ndalama za boma, imene imafukula malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza momwe ndalamazo zagwiritsidwira ntchito. Ine amene ndinagwira choko zaka zonse zija sindingaseke munthu wamkulu wokhala pansi n'kuphunzira. Ndimaseka ifeyo. Phungu akabwera kuno sitimufunsa za bajeti. Timafuna bokosi la maliro, galimoto yonyamula odwala, fizi ya ana. Akangoyamba kuidziwa ntchito zaka zisanu zakwana, tamugwetsa, tatumiza wina kukayambira pa a e i o u. Inu munagwirapo ku esiteti, munaonapo munthu akuzula tiyi chaka chimene wayamba kuthyoledwa? Otsala m'nyumbamo ndi anthu ngati Tadala, makalaliki osaoneka pa TV, amene amanong'oneza wapampando wa komiti kuti bwana, apa lamulo silikutero. Ndiye mwina ndalama za maphunzirozo zikamagwera iwowo sizitayika kwenikweni. Bola asamathere pa ma alawansi.

Izi musamuuze, angayese ndamukhululukira za sutikesi.

Amalume anu aja a ku Limbuli akudandaulabe za munda unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023, mchenga wokhawokha mpaka pano, ngakhale chinangwa chikukana. Nanazi chaka chino zatchipa moti tikungopatsa ana. Ndikadutsa pa sitolo tinkakhala paja ndimapeza anyamata osandidziwa, ndimangopitirira ngati ndili ndi kopita. Mubwera liti kodi? Ngati ndi Disembala mundiyang'anireko sutikesi ya matayala, yakuda, isakhale yaikulu ngati ya

Pepala latha, ndipo kuseriku mdzukulu wanu wajambulako galimoto.

Ndine mbale wanu,
Bambo a Tadala