Lipoti la msonkhano wa za mtima umene munandituma uja

Anzanga ndabwerako, ndiye ndati ndikupatsireni zikadali zotentha. Nkhani zinalipo zambirimbiri koma yomwe yandikanirira m'mutu ndi ya ma mitochondria, tinthu tija topanga ATP (mphamvu yomwe selo imagwiritsa ntchito), mu selo ya mtima timadya malo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Funso linali lakuti mtsempha wa mtima ukatsekeka madokotala nkuutsegula, bwanji mtima umayamba kugunda mobalalika nthawi yomwe magazi abwerera, tonse tikuti basi munthu wapulumuka? Akuti magazi akaduka okosijeni amatha, ATP imatsika, asidi amachuluka mu selo, sodiyamu amalowa wambiri nkukokanso kashiamu, kwinaku succinate, kemiko wina wa mu mitochondria, akuunjikana. Ndiye okosijeni akangofika mwadzidzidzi succinate uja amapsa mothamanga nkutulutsa ma ROS (tinthu ta okosijeni towononga selo) ankhaninkhani, kabowo ka pa mitochondria kotchedwa mPTP kamatseguka m'maminitsi oyambirira omwewo, mitochondria nkuphwa mphamvu ngati batire lakutha. ATP ikachepa timakomo ta potaziyamu ta KATP timatseguka, maselo ena sayankhanso n'komwe magetsi oyendetsa kugunda kwa mtima akafika pomwe oyandikana nawo ali bwinobwino, ndiye magetsi aja m'malo moyenda njira imodzi amangozungulirazungulira. VF, kunjenjemera kwa mtima kosapopa magazi, imayambira pamenepo.

Zamankhwala ndiye zandigwetsa ulesi. Mu 1986 a Murry, Jennings ndi Reimer anaonetsa pa agalu kuti kutseka mtsempha maminitsi 5 nkutsegula, kanayi konse, kumachepetsa kuwonongeka kwa mtima mtsemphawo ukadzatsekedwa nthawi yaitali. Cyclosporine mu labu amaletsa mPTP kutseguka koma atamuyesa pa anthu mu kafukufuku wa CIRCUS wa 2015 phindu silinaoneke, zofinya mkono ndi kafu ya BP nkumasula kangapo pofuna kuteteza mtima nazonso mu 2019 chimodzimodzi. Ine sindikudabwa kwenikweni, nyama za mu labu zimakhala zazing'ono zathanzi pomwe odwala enieni ndi achikulire, ena a shuga, akumwa kale mankhwala ambirimbiri.

Ndiye kwa ife a mu wodi, wodwala akangotsegulidwa mtsempha, kaya ndi stent (kachubu kotsegula mtsempha) kaya ndi jakisoni wosungunula magazi oundana, maso pa monita chonde osati kuthamangira kolemba ma failo, defibrillator (makina omenya mtima ndi magetsi) ikhale pambali pomwepo, potaziyamu ndi magineziyamu ayezedwe msanga. AIVR, kugunda kothamangirapo pang'ono kochokera m'zipinda zapansi za mtima, isatiopse kwambiri, kawirikawiri imatha yokha. Ma slide ndiponya pagulu madzulo ano.