Tiyambe kuwerenga odwala amene sanabwere

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene ndimawaona kawirikawiri m'nyuzipepala yanu mukamalemba nkhani za umoyo, oti vuto ndi lakuti anthu amabwera kuchipatala mochedwa. Mawu amenewa ine ndawayankhulapo kambirimbiri, mwina kuposa aliyense amene atolankhani anu anamufunsapo. Ndine dokotala wa mabanja, kutanthauza kuti m'chipinda changa mumalowa aliyense: khanda la masiku atatu, mayi ake, agogo ake, ndi amalume amene anangoperekeza koma atakhala pansi n'kukumbukira kuti nawonso msana ukuwavuta. Ntchitoyi ndaigwira zaka 16. Mawuwo si abodza ayi, koma ndinasiya kuwanena, ndipo ndikufuna ndifotokoze chimene chinandisiyitsa.

Tsiku lina m'mawa anthu atatu analowa atanyamula bambo wa zaka 57. Pakamwa panali patapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zili lende, akati ayankhule mawu osatuluka bwino. Inali sitiroko. BP yawo inali 212/118, yokwera kwambiri. Akazi awo anaima pakona atagwira nsapato za amuna awo m'manja, zopolishidwa bwinobwino, chifukwa bamboyo anagwa akukonzekera kupita kuntchito. Ine, monga mwa chizolowezi, ndinatsegula buku lawo la kuchipatala funso lili kale pamlomo: bwanji simunkamwa mankhwala? Ndisanafunse, maso anga anagwera pa zolemba zanga zomwe. Miyezi 14 m'mbuyomo, BP 178/104, amlodipine (mankhwala otsitsa BP) wa mwezi umodzi, abwerenso pakatha milungu inayi. Pansi pake siginecha yanga. Nkhope yawo sindinaikumbuke n'komwe.

Ndinafunsabe. Mayiwo anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi: "Adokotala, anabweratu. Kawiri."

Ulendo woyamba anapempha kuntchito, anafika m'mamawa, n'kukhala pamzere mpaka masana. Ataitanidwa anauzidwa kuti makina oyezera BP atha mabatire. Anangowalembera mankhwala osawayeza, ndipo atafika pawindo lolandirira mankhwala anawauza kuti atha, akagule. Anagula a milungu iwiri, chifukwa ndi pamene panathera ndalama atapatula yobwererera kunyumba. Ulendo wachiwiri mankhwala analipo, koma amene anawalandira anawakalipira pagulu chifukwa chodumphitsa tsiku limene anapatsidwa. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kukalipiridwa ngati mwana wasukulu. Analandira mapiritsiwo, anamwa mpaka kutha, ndipo sanapondenso. M'thupi munalibe chimene chinkawapweteka, pamene kuntchito akajomba ankadulidwa malipiro a tsikulo. Akonzi, mukanakhala inu mukanatani?

Ndinatembenuza masamba a bukulo ndipo maulendo awiriwo analimo, monga momwe mayiwo ananenera. Chimene sichinalembedwe paliponse ndi chakuti munthuyu anasowa kwa chaka chathunthu popanda mmodzi wa ife kuzindikira.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi ndi otero ndithu. Ambiri amaganiza kuti BP ikakwera mutu umawawa kapena mtima umagunda kwambiri, choncho ngati sakumva kanthu ndiye kuti ali bwino. Kwa anthu ochuluka sipakhala chizindikiro chilichonse. Magazi amangokankha makoma a mitsempha mwamphamvu kuposa muyezo, usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Mitsempha imauma ndi kuchepa njira, mtima umakhuthala chifukwa chopopa movutikira, timitsempha tosefa magazi mu impso timawonongeka, mpaka tsiku limene mtsempha wa mu ubongo udzatsekeke kapena kuphulika. Munthu akamapezeka mobwerezabwereza ndi 140/90 kapena kuposa, timati ali ndi matendawa, ndipo njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza. Lipoti limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2023 linati akuluakulu amene ali ndi vutoli anachoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, kuti pafupifupi theka la iwo sadziwa, ndipo anayi mwa asanu alionse salandira chithandizo chokwanira. Mwa anayiwo, ndikukhulupirira kuti ambiri ali ngati bambo aja: anayesapo, khomo n'kuwavuta.

Matenda osapweteka akamalimbana ndi malipiro a tsiku, amapambana ndi malipiro. Ife azaumoyo timafulumira kutchula zimenezi kuti umbuli, pamene munthuyo wawerengetsera bwinobwino chimene ataye akabwera ndi chimene apeze.

Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, analemba za imfa za amayi oyembekezera ndipo anagawa kuchedwa patatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa munthu atafika kale. Tonse tinaphunzira zimenezi kusukulu ya udokotala. Koma tikamayankhula pagulu timakonda kuchedwa koyambako, chifukwa mlandu wake umagwera wodwala. Zaka zandiphunzitsa kuti kuchedwa kwachitatu ndi kumene kumabala koyamba. Munthu amene wabwerera chimanjamanja sabwerera yekha, amabwerera ndi nkhani, ndipo dzuwa likamalowa nkhaniyo imakhala yafika m'nyumba khumi. Mawa lake mwana akatentha thupi m'nyumba imodzi mwa khumizo, makolo amati tiyeni tione kaye mmene kuchere. Mwanayo akadzafika ali lefu, ife timalemba kuti anabwera mochedwa.

Pali dokotala wa mabanja amene ndimamuganizira kawirikawiri, Julian Tudor Hart. Anagwira ntchito zaka pafupifupi 30 m'kamudzi ka anthu okumba malasha kotchedwa Glyncorrwg, ku Wales. Mu 1971 analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti chithandizo chabwino chimakonda kupezeka kwambiri kumene chikufunika pang'ono, n'kumasowa kumene chikufunika kwambiri, ndipo kuti zimenezi zimakula pamene chithandizo chasanduka malonda. Aliyense amene anagwirapo ntchito pakati pa anthu osauka amadziwa kuti ananena zoona. Amene ali ndi galimoto, tchuthi cholipidwa ndi mnzake wa kuchipatala amayezetsa kanayi pachaka ali bwinobwino. Amene thupi lake ndilo khasu lake amabwera atamunyamula.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene Tudor Hart anachita. Sanakhutire ndi kuyeza BP ya amene abwera. Anali ndi mndandanda wa anthu onse a m'dera lake, ndipo anatsimikiza kuti ayeza akuluakulu onse, odwala ndi osadwala omwe, n'kumawatsatira chaka ndi chaka. Kwa iye odwala ake anali mudzi wonse, kuphatikizapo amene sanawaonepo pakhomo la chipatala. Ife malipoti athu a pamwezi amanena kuti taona anthu angati. Sanena kuti tinayenera kuona angati. Chipatala chimene chaona anthu 3,000 mwezi uno chimaoneka chakhama, ngakhale kuti amene ali pangozi kwambiri sanali m'gulu la 3,000 limenelo.

Bambo aja atatumizidwa kuchipatala chachikulu, ine ndi namwino amene ndimagwira naye ntchito tinagula kope wamba. Aliyense amene tamuyambitsa mankhwala a BP kapena a shuga timamulembamo, ndi tsiku loti abwerenso, ndi nambala ya foni yake kapena ya m'bale wake. Lachisanu lililonse masana, mzere ukatha, timatsegula kopelo n'kuona amene tsiku lawo ladutsa. Ena timawaimbira, ena timapempha wazaumoyo wa m'dera lawo kuti akawaone. Palibe chanzeru chapadera pamenepa, ndipo zimatitengera nthawi yosakwana ola limodzi.

Mayankho ake ndi amene anandichititsa manyazi. Agogo ena anati, "Mwanangu, mankhwala aja ndinamaliza onse, sindinasiyeko ndi limodzi lomwe." Iwo ankaona ngati ali ngati a malungo, oti ukamaliza ndiye kuti wachira. Ndani anawauza kuti awa ndi a moyo wonse? Ndinayenera kukhala ine, koma tsikulo panja panali anthu 60 akudikira, ndipo ndinangoti "kamodzi patsiku, m'mawa." Mayi wina anasiya chifukwa mapazi anayamba kutupa, n'kuganiza kuti mankhwalawo akumuwononga impso. Amlodipine amatupitsa mapazi mwa anthu ena, si zoopsa, ndipo tikanangochepetsa kapena kusintha mankhwala, koma sindinamuchenjeze. Wina ankasamalira amuna ake ogona, wopanda womusiyira. Mnyamata wina anayankha foni n'kutiuza kuti bambo ake anamwalira milungu itatu yapitayo. Pa onse amene tinawaimbira, sindikukumbukira amene anati sakufuna kukhala ndi moyo.

Sindikunena zimenezi kuti ndinyoze anzanga. Amene anakalipira bambo aja mwina anali ataona anthu oposa 100 tsiku limenelo, osapuma, osadya. Inenso ndinakalipapo, ndipo ndimakumbukira nkhope za ena amene ndinawakalipira. Wogwira ntchito mmodzi akamagwira ya anthu anayi, ulemu ndi umene umayamba kutha, kenako kufotokoza, ndipo zinthu ziwirizi ndi zimene zimabweza wodwala ulendo wachiwiri. Amene amagawa ndalama za umoyo azidziwa kuti kuchepa kwa anamwino kumaonekera pa sitiroko ya chaka chamawa.

Chodabwitsa n'chakuti njira tikuidziwa kale. Zipatala za ma ARV zinaphunzira kalekale kuti munthu amene adzamwe mankhwala moyo wake wonse sungamuyendetse mwezi ndi mwezi. Zimakhala ndi kaundula, zimalondola amene sanabwere, ndipo amene akupeza bwino zimamupatsa mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Nanga wa BP walakwanji? Ngati BP yake yakhazikika, apatsidwe a miyezi itatu, kuti chaka chimodzi chimudyere masiku anayi m'malo mwa 12. Kuyeza BP sikufuna dokotala. Namwino kapena wazaumoyo wa m'dera akhoza kuyeza pafupi ndi kumene anthu amakhala, kutsatira ndondomeko yolembedwa bwino, n'kunditumizira ine okhawo amene zikuvuta. Ndipo chipatala chitamatsegula madzulo ngakhale tsiku limodzi pamlungu, abambo ambiri amene timawanena kuti amathawa chipatala tingawaone. Amlodipine ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira kwambiri, ndipo ali m'gulu la otsika mtengo zedi. Kuti atha pawindo pamene m'nyumba yomweyo tikugoneka anthu a sitiroko, ndi zinthu zimene mutu wanga umakana kumvetsa.

Mu 1978 mayiko 134 anakumana ku Alma-Ata, mzinda umene lero umatchedwa Almaty ku Kazakhstan, n'kugwirizana kuti chithandizo choyambirira, chapafupi ndi anthu, ndicho chidzafikitse umoyo kwa onse pofika chaka cha 2000. Mu 2018 anakumananso ku Astana, m'dziko lomwelo, n'kubwereza lonjezolo. Komabe mu 2023 WHO ndi World Bank ananena kuti mu 2021 anthu pafupifupi 4.5 biliyoni, oposa theka la anthu onse padziko, sankapeza mokwanira chithandizo chofunikira. Ndikuganiza kuti chifukwa china n'chakuti chithandizo choyambirira sichijambulika. Nyumba yatsopano ya nsanjika ili ndi tsiku lotsegulira, riboni ndi atolankhani. Mabatire a makina oyezera BP alibe mwambo. Sitiroko imene yapewedwa ilibe nkhope yoti muiike patsamba loyamba. Sindikutsutsa zipatala zikuluzikulu, bambo aja anafunikira chimodzi tsiku limenelo. Koma makina ojambula ubongo anangotionetsa bwino chimene kapiritsi kamodzi patsiku kakanatha kuletsa.

Kwa owerenga anu amene anasiya mankhwala, kaya chifukwa cha ife kaya chifukwa china, chonde bwererani, ndipo mutiuze chimene chinakusiyitsani, ngakhale chitakhala chakuti tinakulankhulani mwachipongwe. Amene simunayezetsepo, yezetsani ngakhale mukumva bwino. Ndipo wina akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, dzanja likafooka kapena mawu akasokonekera, musadikire kuti kuche, chifukwa pa sitiroko ola lililonse limatenga mbali ya ubongo imene sidzabwerera.

Bambo aja anapulumuka. Amayenda ndi ndodo, mawu anabwerera pang'ono, koma dzanja lakumanja ayi. Ntchito inatha, ndipo akazi awo anasiya yawo kuti aziwasamalira. Amabwera miyezi itatu iliyonse, ulendo wapitawu BP yawo inali 134/82. Mwana wawo wamkazi wa zaka 31 amene anawaperekeza ndinamuyezanso, n'kumupeza ndi 152/96. Dzina lake lili m'kope muja.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi laling'ono. Tsiku lina wamkulu wa zaumoyo, kaya dokotala ngati ine, akadzauza mtolankhani wanu kuti anthu amabwera mochedwa, mtolankhaniyo asadzatseke kabuku kake msanga. Adzafunse kuti mwezi wathawu ndi angati anafika nthawi yabwino n'kubwerera opanda mankhwala, ndi angati anadikira maola opitirira anayi, ndiponso ngati pachipatalapo pali munthu amene ntchito yake ndi kudziwa mayina a amene sanabwerenso.

Ine wanu,
Dokotala wa mabanja